Khadi la ngongole, mwana wopita ku koleji ndi meseji yochokera kumudzi

Meseji ya ku banki inalowa ndili pa shifiti ya usiku, ndikumaliza kulemba ma BP a odwala. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifomu, ndinaisuzumira mwachangu pakona poti mafoni satilola kugwiragwira pantchito. $200 yachoka pa khadi. Ndisanaibweze m'thumba inalowanso ina, $10, cash advance fee. Khadi lake ndi lija ndinapatsa mwana wanga wamkazi, chisamba changa, yemwe nthawi imeneyo anali chaka chomaliza cha high school kuno ku Indiana, ku America, makalata a makoleji atayamba kale kubwera.

Mtima unandithawa. Poyamba ndinkati mwina khadi labedwa, kenako ndinaona dzina la app yotumizira ndalama kunja, yomwe ija timagwiritsa ntchito tonse potumiza kumudzi, ndinadziwa kuti ayi, wakuba sangatumize ndalama ku Malawi 1 koloko ya usiku. Ndi mwana wanga ameneyu. Ndinagwira ntchito mpaka kucha mutu uli kunyumba.

Chimene khadilo linkafuna m'manja mwa mwana

Bambo ake sankafuna olo pang'ono. Iwo mawu awo ndi amodzi kuyambira kale, ngongole ndi ngongole basi, mwana wa zaka 18 asaigwire. Ndipo ndimawamvetsa, tonse tinakula tikuona aphunzitsi akusiya makhadi awo a ATM kwa a katapila, mwezi ukatha malipiro onse akuthera komweko. Koma katapila ali ndi nkhope, umamuona akubwera pa njinga, umachita manyazi, anthu oyandikana nawo nyumba amadziwa. Khadi la kuno silibwera pakhomo. Limangokhala phee m'chikwama, likumakutumizira maimelo aulemu, ngongole ikukula.

Komanso kuno ukangolikana khadi kotheratu umadzipweteka wekha, amene muli kuno mukudziwa. Munthu wopanda credit history, mbiri ya mmene wakhala akulipirira ngongole, amavutika ngati munthu wa mbiri yoipa, kukafuna apatimenti akufuna dipoziti yaikulu kapena wokusainira, ngongole ya galimoto chiwongoladzanja chake chokwera, olo inshuwalansi ya galimoto m'ma state ambiri amayang'ana mbiri yomweyo. FICO score, nambala imene mabanki amayang'ana poona ngati ndiwe wodalirika pa ngongole, imayambira 300 kulekeza 850, ndipo gawo lalikulu kwambiri, 35 peresenti, ndi loti kodi umalipira pa nthawi yake. 30 peresenti ndi kuchuluka kwa ngongole imene uli nayo, 15 peresenti ndi kutalika kwa mbiri yako. Kutalikako sungakugule ndi ndalama, umayenera kungoyamba msanga. Ine sindinkafuna mwana adzamalize koleji ali ndi digiri m'manja koma ku Equifax, Experian ndi TransUnion, ma credit bureau amene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, asakumudziwa n'komwe.

Ndiye ndinamuika ngati authorized user pa khadi langa lakale, limene sindinaphonyepo kulipira. Khadi limabwera ndi dzina lake koma ngongole yonse ndi yanga, ndipo mabanki ambiri amatumiza mbiri ya akauntiyo ku dzina la mwanayonso, ngakhale ndi bwino kufunsa banki yanu kaye chifukwa si onse amatero. Tinagwirizana kuti ndi la petulo ndi za mwadzidzidzi, galimoto ikafa pamsewu, zoterozo. Miyezi inadutsa ndikungoona $30 ya petulo, $28 ya petulo, palibe cha nsapato, palibe cha zakudya zoitanitsa pa DoorDash. Mwanayu si wosakaza ayi, ndinene pano kuti musamuganizire molakwa.

M'mawa uja kukhitchini

Ndinafika kunja kukuzizira kwambiri, chipale chili mbuu pa magalimoto. Ndinamupeza ali kale kukhitchini, chikwama cha kusukulu chili pa mpando, waika ketulo pamoto ndipo wanditulutsira kapu yanga. Ndinangodziwa kuti sanagone. Sindinavule ndi jekete lomwe, ndinakhala pansi n'kuika foni patebulo meseji ija ikuonekera.

"Amayi, ndimati ndikuuzani mukabwera."

"Ndabwera. Ndiuze."

Anatsegula WhatsApp n'kundipatsa foni yake. Anali mwana wa achemwali anga ku Ntcheu, wobadwa chaka chimodzi ndi iyeyu, amene ali Folomu 4. Awiriwa anaonanapo maso ndi maso ali ang'ono kwambiri koma pa foni ndi mapasa, amatumizirana mavidiyo, amaphunzitsana uyu Chichewa uyu Chingerezi. Mamesejiwo sanali opempha poyamba. Ankangofotokoza kuti wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi yotsala, wakhala kunyumba masabata, anzake akupitiriza silabasi ndipo MSCE ikuyandikira, mayi ake anena kuti asandivutitse ine poti ndinatumiza kale ya feteleza. Mmunsi mwenimweni ndi mmene munali mawu akuti ngati ungathe, koma usawauze amayi ako.

Ndinawerenga kawiri. Nditadzutsa mutu mwana akulira, koma akundiyang'ana m'maso.

"Inu munati khadi ndi la emergency. Iyi si emergency? Ine ndikusankha koleji, ndikudandaula za roommate, iye ali pakhomo akutunga madzi. Mumanena nokha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Abale anga, mawu onse amene ndinakonza usiku wonse mu corridor muja anathawa. Ndimuuza chiyani? Mwana ameneyu wakula akundiona ndikuthamangira kutumiza ndalama za maliro, za chipatala, za malata, wamva mafoni a pakati pa usiku, waona bambo ake akutenga shifiti yowonjezera chifukwa kwawo denga lasasuka. Zimene anachitazo ndi zimene tamulera nazo, ndipo ine ndimanyadira kuti mwana wobadwira kuno, amene Chichewa chake chimakhota, mtima wake unamva kuwawa chifukwa cha m'bale wake wa ku Ntcheu. Malangizo onse amene timamva okhudza ana a koleji ndi makhadi amakamba za zovala, mapitsa, maulendo a spring break. Sanalembedwere mwana amene ali ndi abale 40 kumudzi omwe ali ndi nambala yake.

Ndinamugwira dzanja. Ndinati mwanawe, mtima wakowo usausinthe, ndipo fizi ija ikanalipiridwa ndithu ukanandiuza. Koma ndalama watumizayo si yako, si yanganso. Wakongola kwa anthu osamudziwa m'bale wako, ndipo ayamba kale kuwerenga chiwongoladzanja kuyambira 1 koloko ija.

Anandiyang'ana modabwa. Iye ankadziwa kuti ukalipira mwezi usanathe palibe chiwongoladzanja, ndipo n'zoona ukagula katundu. Koma izi sizinali kugula katundu.

Tinatsegula sitetimenti yonse

Kusukulu anachedwa tsiku limenelo, ndinaimbira ku ofesi ndekha. Ndinatenga laputopu n'kutsegula sitetimenti ya khadi, yonse, osabisa tsamba. Kwathu ndalama za makolo ndi nkhani za akulu, mwana sadziwa malipiro a bambo ake mpaka tsiku la maliro, ndipo ndikudziwa ena muwerenga apa mutu ukugwedezeka. Koma mwana amene pakangopita miyezi yochepa akakhala yekha kutali, mabanki akumutumizira makalata a pre-approved, sangaphunzire kuwerenga sitetimenti pa nthano.

Tinayamba ndi $200 yake ija. Ndinamuonetsa kuti khadi limodzi lili ndi ma APR angapo, ndiye kuti chiwongoladzanja cha pa chaka, ina ya kugula katundu, ina ya cash advance, kutapa ndalama pa khadi, ndipo ya cash advance ndi yokwera, pa langa ili pafupi ndi 30 peresenti. Kutumiza ndalama pa app ndi khadi la ngongole, mabanki ambiri amakuwerenga ngati watapa ndalama pa ATM. Ndiye pali fee pompopompo, kwa ife inali $10, ndipo palibe masiku achisomo, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Pamwamba pa apo app nayo inadula yake, ndipo pa khadi la ngongole imadula yochulukirapo kusiyana ndi ukatumiza kuchokera ku akaunti ya ku banki. Anatenga pensulo n'kuwerengera yekha, masenti 16 pa tsiku. Anati aa, ndi zochepa. Ndinati eya, pa $200 ndi zochepa, tiye tione tsamba lina.

Pa sitetimenti iliyonse ya kuno pali kabokosi kolembedwa Minimum Payment Warning. Anthu ambiri sakayang'ana. Kanabwera ndi lamulo la Credit CARD Act la 2009, limene linakakamiza mabanki kuti azikuuza poyera kuti ukamangolipira minimum, ndalama yochepetsetsa imene banki imalola pa mwezi, ngongole yako itenga zaka zingati ndipo ulipira zingati zonse pamodzi, komanso uzilipira zingati pa mwezi kuti ithe m'zaka zitatu. Mwezi umenewo pa khadi panali ndalama ya matayala a galimoto imene ndinkati ndilipira yonse malipiro akalowa, ndiye kabokosiko kanali ndi manambala enieni. Anawerenga chamumtima, kenako mokweza, kenako anakhala chete.

Ndinamupatsa samu ina kuti aione bwino. Tiyerekeze uli ndi ngongole ya $1,000 pa APR ya 24 peresenti, imene si yachilendo pa makhadi a ana a sukulu. Ndiye kuti 2 peresenti pa mwezi, $20. Iwe ukulipira $25 mwezi uliwonse ndipo ukudziona ngati munthu wosunga pangano. Pa $25 imeneyo, $20 yapita ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni yatsika ndi $5 yokha. Anaika manambala mu calculator ya pa intaneti, inamuonetsa miyezi yoposa 80, pafupifupi zaka 7, ndipo pomaliza walipira kuposa $2,000, osagulanso kanthu kena pa khadipo. Anati ndiye kuti koleji ndimaliza ngongole isanathe. Ndinati ndi zomwezo.

Chimene ndinaona pa nkhope yake sichinali mantha kwenikweni, anali ngati wapsa mtima. Anafunsa kuti nanga bwanji minimum amailemba ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba, ndipo pa app ndi imene imayamba kuoneka. Funso limenelo ndi limene ndinkafuna, mwana akafika pofunsa yekha kuti kodi amene akupindula apa ndani.

Ndinamuuzanso kuti ana a masiku ano ali ndi mwayi pang'ono. Lamulo lija lisanabwere makampani a makhadi ankaika matebulo pa makampasi, kupereka ma T-shirt ndi pitsa zaulere kwa aliyense wosaina fomu. Pano mphatso zotere pa kampasi kapena pafupi ndi kampasi n'zoletsedwa, ndipo munthu wosakwana zaka 21 sangatsegule khadi lakelake pokhapokha aonetse kuti ali ndi ndalama zimene amapeza yekha kapena wamkulu amusainire. Koma matebulo aja anangosamukira mu foni. Pa checkout iliyonse pali batani la Klarna, Afterpay kapena Affirm, lipirani kanayi, ndipo mwana saiona ngati ngongole chifukwa palibe khadi limene wagwira m'manja.

Foni yopita ku Ntcheu

Iyi ndiye inali yovuta kuposa samu. Ndinadikira Loweruka, ndinaimbira achemwali. Sankadziwa kanthu, anangoona fizi yalipiridwa, mwana n'kuwauza kuti m'bale wake wa ku America wathandiza ndi ndalama zake za ganyu. Atamva kuti inali ngongole anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kupepesa, ankafuna amukalipire mwana pomwepo ndikumva. Ndinawaletsa. Mwana uja sananame za vuto lake, ndipo mtsikana wa Folomu 4 amene akumenyera kuti abwerere m'kalasi sindingamuone ngati wolakwa. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu kumudzi sizilinso chimodzimodzi, ndalama imene kale inkakwana fizi ndi feteleza pano ikukwana chimodzi, ndipo achemwali ankachita manyazi kundiimbiranso.

Chimene ndinawapempha ndi chimodzi. Vuto likagwa lizibwera kwa ine kapena kwa alamu awo, lisamadutsire kwa ana. Ndinawafotokozera kuti mwana wa kuno akakhala ndi khadi sizitanthauza kuti ali ndi ndalama, ndipo akadzaona zithunzi zake pa Facebook ali pa kampasi yokongola ya udzu wometa bwino, adziwe kuti kuseri kwa chithunzicho kuli ngongole ya sukulu imene adzalipira zaka zambiri. Achemwali anati iwo ankaganiza kuti khadi ndi ngati akaunti, ndalama zimakhalamo kale. Anthu ambiri kumudzi amaganiza choncho, ndipo si kupusa, makhadi amene amawadziwa ndi a ATM.

Ndikudziwa mawu amenewa akafika kwa abale ena asanduka akuti a ku America ayamba kudzimva, akutsekereza ana awo. Zimawawa koma ndalolera.

Zimene tinapangana asananyamuke

$210 ija ndinailipira tsiku lomwelo kuti chiwongoladzanja chiime, koma sinathere pomwepo. Anaibweza kwa ine pang'onopang'ono kuchokera ku ganyu yake ya ku sitolo, ndipo anaumirira yekha kuti fizi ija ikhale yochokera kwa iye, ine ndisamubwezere. Ndinavomera. Anathandiza m'bale wake ndi thukuta lake, mochedwerapo chabe.

Khadi sindinamulande. Bambo ake ankati lidulidwe ndi sizasi, ine ndinakana, chifukwa mwana amene walandidwa khadi chifukwa chothandiza m'bale amaphunzira kubisa basi, ndipo akakafika ku koleji n'kupeza kantchito akatsegula lake ife osadziwa. Ndinaimbira banki kuti atsitse cash advance limit mpaka pansi pamene angathe. Ma alert tinaika pa mafoni onse awiri, transaction iliyonse, olo ya $2.

Lamulo lalikulu ndi loti pa khadi pamapita chinthu chimene ndalama yake ilipo kale mu akaunti lero, osati imene ikubwera Lachisanu. Sitetimenti ikatuluka amalipira statement balance yonse, ngongole yonse yolembedwa pa sitetimentipo, ndipo tsiku lolipira limakhala lomwelo mwezi uliwonse, lamulo la boma limapereka masiku osachepera 21 kuchokera pamene sitetimenti yatumizidwa, ndiye palibe chodzidzimutsa. Ndinamuuza kuti kuchedwa tsiku limodzi ndi late fee, koma kuchedwa masiku 30 kumakalembedwa ku ma credit bureau ndipo kumakhala pa dzina lako zaka 7. Mwana wa zaka 19 akaiwala bilu ya $40 chifukwa cha mayeso, adzaipeza ikumudikira ali ndi zaka 25 akufuna nyumba. N'chifukwa chake khadi lakelake likadzabwera chinthu choyamba ndi autopay, kuti ndalama izichoka yokha mu akaunti tsiku lolipira.

Tinakambanso za anzake. Kukadya pagulu, wina n'kunena kuti iwe lipira ndi khadi tikutumizira pa Venmo, ndipo awiri amatumiza, atatu amaiwala. Za chibwenzi chimene chingadzati ndibwereke khadi ndigule tikiti, apa ndinalankhula ngati mayi wa Chimalawi ndithu, mosazungulira. Ndinamuonetsa AnnualCreditReport.com, pamene munthu amaona lipoti lake mwaulere, tinatsegula lake limodzi ndipo anaona akaunti yanga ija ili pa dzina lake ndi zaka zake zonse.

Koma pangano limene ndimaliona lofunika kuposa onsewa ndi la kumudzi. Sindinamuuze kuti asamathandize. Tinati pa ndalama iliyonse imene walandira ku ntchito, kagawo kena aziika padera mu savings, iye anasankha yekha kuchuluka kwake, ndipo imeneyo ndiyo ndalama ya abale. Ikakhalapo atha kutumiza kwa amene akufuna osandipempha chilolezo, kuchokera ku akaunti osati pa khadi. Ikatha yatha, ndipo yankho ndi lakuti pano ndilibe, ndiwauza amayi. Tinachita kuyeserera mawuwo m'Chichewa kukhitchini konkuja mpaka anawatchula bwino, chifukwa kukana m'bale m'chinenero chimene sunachizolowere n'kovuta, umaopa kumveka wamwano ndiye umangovomera.

Pamene tili pano

Ali ku koleji tsopano, akugwira ntchito ku dining hall maola ochepa pa sabata kudzera mu work-study, ntchito zimene amapatsa ophunzira kuti ziwathandize pa ndalama. Lamlungu loyamba la mwezi timaimbirana pa vidiyo, amatsegula app, timadutsa mzere ndi mzere. Pena zimatenga mphindi zisanu, pena timakangana, monga mwezi umene anagula mabuku onse pa khadi n'kufika pafupi ndi malire amene tinaika, ndinamukumbutsa kuti olo ulipire yonse, balance ikakhala yaikulu pa tsiku limene banki ikutumiza lipoti score imatsika, n'chifukwa chake amalangiza kusapyola 30 peresenti ya limit. Iye anati mabuku ndi mabuku, sakanadikira. Anali ndi mfundo, tinangogwirizana kuti zikatero azilipira pakati pa mwezi osadikira sitetimenti.

Mameseji ochokera kumudzi sanasiye. Ena ndi a anthu amene ine sindikuwadziwa bwinobwino, anangopeza nambala. Amanditumizira ma screenshot, ena timaseka, ena amatisowetsa tulo tonse awiri, ngati wa mnyamata wina wa kuchimuna amene anati akufuna ndalama ya transipoti yopita ku Joni ndipo mwana wanga anamukana, n'kukhala sabata yonse akudzifunsa ngati anachita bwino.

Pano akufuna khadi lakelake, poti ali ndi malipiro oti atha kuonetsa. Ine ndikuti ayambe ndi secured card, aike dipoziti ya $200 kapena $300 ndipo limit ikhale yomweyo, kuti zikavuta zivute pa ndalama yochepa. Iye akufuna student card wamba ya cash back imene anzake ali nayo. Bambo ake akuti zonse ziwiri ayi mpaka atakwana zaka 21, ndipo akuti ine ndikumuthamangitsa mwana. Akubwera pa holide ya Thanksgiving, tagwirizana kuti aliyense abwere ndi pepala la terms la khadi limene akulifuna, APR, annual fee, late fee, cash advance, tidzawerenge tonse atatu, ndipo bambo ake avomera kukhala nawo patebulo bola nsima idyedwe kaye.